Abwana akuti ndilembe kuti mapiritsi asungunuka

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri. Ntchito yanga pafakitale ya mankhwala ndi yofufuza momwe mankhwala akumwa amalowera m'thupi. Timaponya piritsi m'botolo la madzi ofunda onga a m'mimba, makina n'kumatakasa, ife n'kumawerenga mphindi. Piritsi losasungunuka limangodutsa m'matumbo ngati mwala.

Sabata yatha ndinayesa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene atuluka kumene. Ola linakwana ali gwa! Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi. Choopsa n'chakuti ena a mapiritsi omwewa anapita kale m'masitolo.

Ndinathamangira kwa abwana, munthu amene anandiphunzitsa ntchitoyi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Anatseka chitseko n'kunena motsitsa mawu: "Makina anuwo akalamba. Lembani kuti asungunuka, musayine." Ndi iwowa anandiphunzitsa kuti nambala yabodza imapha.

Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi anga aamuna akumwa mapiritsi omwewo, nambala yapapaketi yofanana ndi ya amene ndinayesa aja. Amuna anga akuti ndisayine, ntchito ikusowa masiku ano. Lipoti likufunika Lachisanu. Nditani?

Ine wothedwa nzeru,
T. N.

Mayi T. N.,

Musasayine. Nanenso kalata yanu ndaiwerenga kawiri, mutu uli gwa ngati piritsi lanulo.

Yambani ndi apongozi. Asasiye mankhwala paokha. Mawa m'mawa apite kwa dokotala ndi paketiyo, awayeze kuthamanga kwa magazi, awasinthire ena.

Kenako pemphani mnzanu wa kuntchito ayese mapiritsiwo pa makina ena. Ngati vuto ndi makinadi, mudzapepesa abwana, nkhani n'kutha. Ngati zotsatira zifanana, zilembeni monga ziliri, ndi tsiku lake, mupereke kwa abwana ndi kwa woyang'anira ubwino wa mankhwala pafakitalepo. Inunso musunge pepala lanu la zotsatirazo. Akazengereza, pitani ku bungwe la boma loona za mankhwala. Ntchito yake ndi imeneyo.

Amuna anu si oipa, ali ndi mantha. Afunseni modekha ngati angakonde kuti bambo awo apitirize kumeza miyala.

Sindikunamizani, ntchito ikhoza kugwedezeka. Koma chenjerani pawiri. Nkhaniyi musaiponye pafoni m'magulu a anzanu, mungadzipalire mlandu umboni usanakhwime. Ndipo kumbukirani kuti mawu a abwana ananenedwa chitseko chili chotseka. Munthu akadzagwa chifukwa cha mapiritsiwa, iwo adzati sakudziwa kanthu, ndipo papepalapo padzakhala dzina lanu lokha.

Aphungu