Mthunzi Wopanda Masamba

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tilipo, kungoti ine mtima suli m'malo. Ndikati ndikhale pansi ndimadzukanso, kumazungulira munda ngati ndataya chinthu.

Mapanelo a sola aja tinaika. Amisiri anawakweza pamizati kuti pansi pake tizilima. Sitiroberi ndi zinanazi zikukondwa ndi mthunziwo, pampu ikukoka madzi popanda dizilo. Mukanaona kubiriwira kwake!

Koma pali nkhani. Mtengo wa mapeyala umene anadzala malemu bambo unkaphimba mapanelo masana onse. Amisiri anati mthunzi ukagwera panelo imodzi, mzere wonse umafooka, pampu n'kuima. Ndinasadza nthambi, sizinathandize. Achemwali, ndinaudula, tsiku limene amayi anali kuchipatala. Patha miyezi iwiri ndisanawauze.

Mukudziwa kuti maso awo anatheratu. Tsiku lililonse amati ndiwaperekeze kumtengo wa amuna awo. Ine ndimawagwira dzanja, kuwazungulitsa pang'ono, n'kuwakhazika pampando pansi pa mapanelo. Amayamikira kuti mthunzi wa bambo sunasinthe. Ine manyazi okhaokha.

Sabata yatha anafunsa kuti bwanji masamba sakuwagwera pamiyendo. Ndinati ndimasesa m'mawa. Anaseka, akuti ulesi wanga uja unatha liti? Dzulo kunawaza mvula tili pomwepo. Anatchera khutu, n'kunena kuti chaka chino mtengo ukulira ngati denga la malata.

Lero andituma ndikulembereni kuti mubwere mwezi wamawa, mapeyala akakhwima, mudzathyole nokha monga kale. Kaya akundiyesa, kaya akukhulupiriradi, ine sindikudziwa, ndipo zimenezi ndiye zikundidya.

Chonde bwerani, musadikire mwezi wamawa. Mudzandikalipire mmene mungafunire, kenaka mudzakhale pambali panga ndikamawauza. Ndekha pakamwa pakukana.

Ndisanaugwetse ndinadula kanthambi, n'kukalumikiza ku mbande ina kumalire kwa munda, kumene sikadzaphimba kanthu. Kaphuka masamba anayi. Ndikufuna amayi adzakagwire ndi dzanja lawo, koma ayenera kuyamba agwira chitsa.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, koma nkhaniyi musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
wosamva uja