Zimene Zapsa Pabwalo Panu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Abambo munawapeza? Muwapatse moni. Ndine Yamikani wanu. Ndili moyo. Ndiyamba ndi zabwino, poti inu munkati nkhani yoipa sauza munthu ali chiimire.

Achemwali a Felista anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Agnesi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ngakhale kakwinyidwe ka nkhope akakwiya. Kumunda kwanu ku Mitundu chimanga chinachitako bwino, koma mtedza unakana. Papaya wa kuseri kwa bafa uja anagwa ndi mphepo. Magetsi akuzimazimabe monga munawasiyira, Kawale ndi yemwe uja. Ine ndikulongedzabe katundu ku Kanengo, ndikugonabe m'kanyumba ka kuseri, Achemwali ndi alamu ali m'nyumba yaikulu.

Matenda anga a mawaya aja sanathe. Mukukumbukira mmene munkandisekera? "Anzako akufunsira mbeta, iwe ukufunsira mawailesi akufa!" Mpaka pano ndimagula mawailesi owonongeka kumsika, n'kuchotsamo tizipangizo tamoyo, n'kutilumikiza ndi mtovu wosungunula. Chotulukapo ndi ka amplifaya, kachipangizo kopatsa mphamvu mahedifoni kuti mawu azimveka bwino m'makutu. Sindigulitsa, ndi chikondi chabe. Tsiku logawa katundu wanu, anthu akulimbirana zitenje ndi mapoto, ine ndinatenga tizitini tanu tosungira mabatani ndi masingano, poti ka amplifaya kamakwanamo bwinobwino.

Ndinatenganso china chimene aliyense anachikankhira pambali: kaseti yakale yopanda dzina, pansi pa sutikesi yanu. Nditaiika m'kawailesi kanga ka kaseti, ndinamva kwaya ya amayi a kutchalitchi kwanu, koma chapatali, phokoso lili waaa ngati mvula pamalata. Ndinapanga ka amplifaya koyamba, kakulira ngati njuchi. Kachiwiri kanapsa. Kachitatu ndi kamene kanandigwetsa pampando. Amayi, ndinakumvani! Khutu lakumanzere, kumbuyo kwa anzanu, mawu anu okhuthala aja. Nyimbo yachiwiri munayamba msanga anzanu asanakonzeke, n'kuseka pang'ono. Kumapeto munatsokomola. Kuyambira pamenepo ndikaweruka kuntchito ndinkakhala pabedi, mahedifoni kumutu, maso otseka, ndikuimba nanu chapansipansi, nthawi zina misozi ikutsika.

Tsopano khalani pansi, Amayi.

Agnesi wakhala akudwaladwala. Lero kutentha thupi, mawa kutsegula m'mimba. Kuchipatala anapereka mankhwala, anati zimachitika kwa ana akamamera mano. Koma Achemwali mtima sunakhale pansi, ndipo sindiwanena, mwana akamalira mayi saganiza zowongoka. Mnzawo wina anawatengera kwa mneneri wa ku Chinsapo. Mneneriyo akuti anangotseka maso n'kunena kuti pakhomo pali zinthu za wakufa zimene wamoyo akuzigwiritsa ntchito. Ndiye kunabwera amake Chikondi, oyandikana nawo aja, amene maso awo salephera kulowa pazenera la munthu. Akuti: "Ine ndakhala ndikumuona Yamikani, atadzimanga zingwe kumutu, akulankhula yekha, akulira." Basi, nkhani inathera pomwepo.

Loweruka lapitali ndili kuntchito, mneneri uja anabwera ndi gulu lake. Anathyola loko wa kanyumba kanga. Ha! Loko wanga, Amayi, pakhomo panu, dzuwa likuswa mtengo! Anapeza tizitini ta malemu tili ndi mawaya ofiira ndi akuda, kalumo kosendera mawaya, ndi fungo la mtovu lija, limene akuti ndi lubani. Umboni wina wotani? Alamu akuti anayesa kunena kuti tidikire mwini wake afotokoze, koma anauzidwa kuti zotere sadikira mwini wake, akabwera amazibisa, ndipo sizitsegulidwa, zimangotenthedwa. Anaunjika zonse pakati pa bwalo, pomwe munkayanika ufa paja, n'kuthira palafini.

Ine potsika minibasi ndinamva fungo la pulasitiki, ndinkati wina akutentha zinyalala. Kulowa pageti, anthu ali bii, ena akuimba, ana akwera pampanda. Amene anandiphunzitsa Sande sukulu analipo. Amene anadya pamaliro anu analipo. Onse akundiyang'ana ngati ndatuluka m'manda. Sindinamvetse kanthu mpaka nditaona chivindikiro cha kachitini kanu kobiriwira chili kuda bii m'phulusa.

Achemwali anabwera, mwana kumsana, maso ofiira. "Yamikani, usakwiye. Takupulumutsa."

Kundipulumutsa! Ine amene anandibereka kumsana ndili khanda, amene ndinakumba nawo ngalande ya pakhomo pano, lero ndasanduka wodya mwana wawo? Ndinathamangira m'kanyumba. Mahedifoni palibe, chowotcherera mawaya palibe. Zimenezo n'zogula. Ndinayang'ana patebulo pamene pankakhala kawailesi ka kaseti. Panali fumbi lokha, lojambula malo ake. Kaseti inali momwemo, Amayi. Ndinkangoti ndiikopera mufoni ndikapeza chingwe chabwino, ndikapeza chingwe chabwino. Ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Ndinatuluka, ndinatenga kamtengo, ndinayamba kufukula phulusa anthu onse akuona. Mneneri anati mwaona, akufuna mphamvu zake. Ndinachipeza: chibuluma chakuda, chokwinyika ngati chikopa chopsa, chikutenthabe. Ndinachinyamula choncho, n'kupita nacho kwa Achemwali.

Ndinati: "Achemwali, mukudziwa chimene mwatentha? Iyi ndi kaseti ya kwaya. Munali mawu a Amayi. Akuimba, akuseka, akutsokomola. Inali imodzi yokha."

Sanamve msanga. Anati, "Mawu a ndani?" Ndinabwereza. Ndinawauzanso kuti kachitini kobiriwira kaja ndinakaboola malo awiri olowetsa mahedifoni, ena anga ena awo. Ndinkasunga kuti tsiku loika chiliza chanu, tikabwerako kumanda, ndidzawakhazike pansi timvere limodzi.

Amayi, kulira kumene analira Achemwali sindinakumve ngakhale pamaliro anu. Anakhala pansi padothi mwana ali kumsana, mpaka alamu anachita kumumasula. Anayamba kupalasa phulusa ndi manja, phulusa lamoto, ngati mwina mwatsalako kachidutswa koti n'kumva. Oimba aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Amake Chikondi anakumbukira kuti asiya ndiwo pamoto. Mneneri sindinamuone potuluka, ndipo zamuyendera bwino kuti sindinamuone.

Mawa lake Achemwali anabwera pakhomo panga, zala zokulunga nsalu. Sanapepese, mukuwadziwa, mawu amenewo amawatsamwa. Anangoti, "Tandiimbira mmene ankaimbira." Ndinatsegula pakamwa. Nyimbo ndikuidziwa yonse, koma zimene zinatuluka ndi mawu anga, a mwamuna wa ku Kanengo. Ndinasiyira panjira. Kenako anatambasula dzanja kupempha chibuluma chija, ndinawapatsa.

Agnesi akupezako bwino, dzino latuluka. Ena akuti ndi moto uja wagwira ntchito, ndipo ndikamva zimenezo ndimangochokapo. Mnzanga wa kuntchito wandipezera chipinda ku Area 25, akuti ndichoke anthu asanandigende. Ndinafika mpaka polongedza chikwama. Koma dzulo alamu anditengera pambali n'kundinong'oneza kuti chibuluma chija Achemwali achikulunga m'duku lanu, achibisa kunsi kwa pilo, ndipo salola munthu kuchikhudza. Akafuna kugona amachiika pakhutu.

Ndamasula chikwamacho, Amayi. Munthu woika pulasitiki wopsa pakhutu sungamusiye yekha. Munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Lathuli lapsa ndithu, koma lilipo.

Ndikulonjeza kuti ndiyenda khomo ndi khomo kwa amayi a kwaya amene atsala, kuyambira Biwi mpaka Area 23, mwina wina anasunga inzake pansi pa sutikesi. Ikapezeka, woyamba kumva adzakhala Achemwali. Ikapanda kupezeka, mutikhululukire, takuikani m'manda kawiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yamikani