Kawayilesi Kamene Kanafika Mochedwa

9 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti amayi ako miyendo ija.

Phukusi lija lafika Lachiwiri. Ndikunena kawayilesi komanga wekha kaja, kamene munasonkherana pa intaneti ndi anthu osadziwana kuti opanga ayambe ntchito. Unati ine ndakonza mawayilesi a eni moyo wanga wonse, ndimangeko yangayanga yatsopano, ndipo unati kafika pakatha miyezi isanu. Zakwana zaka zinayi. Amayi ako akuti kakanakhala kamwana bwenzi tikukatuma madzi.

Ndinatsegulira patebulo langa la ntchito. Kabokosi kake n'kopepuka ngati chigoba cha dzira, chivindikiro sichitseka mbali imodzi, ndipo eriyo nditangoikoka pang'ono inatsalira m'manja. Zimenezi ndi zoona, ukawauze opangawo.

Ndinafunanso kukuuza kuti pabolodi yolumikizapo zipangizo sanalembe manambala osonyeza polowa kachipangizo kalikonse. Ndinalalata masiku awiri. Kenako a telala a khomo loyandikana nafe anabwera kudzabwereka pulaya. Anatenga bolodi ija n'kuwerenga manambala onse, opanda ndi magalasi omwe. Anati, "Achimwene, alembatu bwinobwino apa."

Ndinayesabe. Chowotcherera ndinachigunditsa pachala m'malo mwa waya, mtovu n'kudonthera pena. Tizipangizo titatu tinagwa pansi, ndinafufuza ndi manja mpaka mawondo kuwawa.

Ndiye mawayilesi asanu a eni ake amene ali pashelefu, sikuti akudikira masipeya monga ndakhala ndikukuuza pafoni. Chifunga chinayamba m'maso chaka chatha. Kuchipatala akuti ndinachedwa. Kalata ino akulemba ndi a telala omwewo, ine ndikungoyankhula pang'onopang'ono. Amayi ako sindinawauze, koma dzulo kapu ya tiyi anandiikira m'manja, osati patebulo.

Usadziimbe mlandu, iwe unafuna kundisangalatsa. Kakanafika nthawi imene analonjeza ndikanakamanga tsiku limodzi, eriyoyo ndikanaipezera nzeru. Ndakabwezera m'bokosi mwake.

Undiperekere moni kwa apongozi anga. Chithunzi cha mdzukulu wanga wakhandayo chimene unatumiza pafoni n'chaching'ono kwambiri. Unditsukitsire chachikulu, cha nkhope yokha, ndipo utumize mwezi uno, usadikire kuti udzabwere nacho wekha.

Ndine,
Bambo ako.