Pulinta ya Nkhope ya Mayi Ake

Lolemba, 4 Ogasiti

Kalata yabwera. Mayi a Katimba awatenga ku maphunziro a uzamba. Miyezi isanu ndi umodzi, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Zobwera pakati palibe. Anyamuka pa 24. Ndasangalala, zoona. Ndawauza kuti apite, zakuno ndiziona.

Andiwonongera tsiku ndi apongozi. Akuti mwana wa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu sasunga nkhope. "Akadzabwera adzawathawa ngati mlendo." Anena akuseka, uku akupinda matewera. Mayi a Katimba sanaseke. Alowa kuchipinda, akhalitsako.

Foni sithandiza. Komwe akupitako akuti netiweki ndi yochita kusaka, mawu okha ndiye amadutsa bwino. Ndaganiza zithunzi. Zapapepala, zomata pakhoma, m'munsi momwe maso a mwana amafika. Mayi ake azitumiza chatsopano zikatheka, ine ndizisindikiza. Masana mwana ali ndi apongozi, madzulo ali ndi ine, khoma lili pompo tsiku lonse. Ndine wopenta nyumba. Za makoma ndi mitundu palibe angandiphunzitse.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndinapita ku situdiyo ya pafupi ndi msika kukayesa chimodzi. Zamanyazi. Nkhope yatuluka bii ngati kunsi kwa poto, mano okha ndi maso. Mtsikana wa pa kauntala akuti vuto si makina, khungu lawo ndi lakuda kale. Ndinamuyang'ana. Khungu la mkazi wanga si lakuda. Pansi pake pali kufiira, ngati thabwa lopaka vanishi kawiri, m'masaya kachikasu pang'ono. Zaka zisanu ndi zitatu ndikusakaniza penti, andiuze iyeyo?

Basi ndigula pulinta yangayanga.

Alamu, achimwene awo a mayi a Katimba, aja a mu ofesi, amva. Kuseka mpaka kugwira pamimba. "Alamu, inu ndi pulinta? Mutsegula ofesi ya maburashi?" Akuti ndigule ya leza ngati ya kuntchito kwawo. Sukulu ndinalekezadi panjira, sindikana. Koma maso sindinawasiye m'kalasi.

Loweruka, 9 Ogasiti

M'tauni kuyambira m'mawa. Mashopu atatu. Miyendo kuwawa.

Shopu yachitatu muli mkulu wina wa tayi, wolankhula pang'onopang'ono. Ameneyo ndiye wandifotokozera. Ya leza imagwiritsa ufa, ndi ya makalata. Ya zithunzi ndi ya inki. Alamu aphonya poyamba pomwe. Za inki zilinso pawiri. Ina ya timabokosi, amati katiriji, tikatha ugule tina. Ina ya timathanki pambali, umathira wekha inki ya m'botolo.

Shopu iliyonse zithunzi zoonetsera ndi zomwezo. Maluwa, mbalame zamawangamawanga, kamwana ka tsitsi lachikasu. Duwa silivuta. Duwa likatuluka lofiira mopitirira ndani angadandaule? Ndinati musindikize mkazi wanga pa makina aliwonse, ndione. Mashopu awiri anakana. Wa tayi anavomera, bola ndilipire mapepala. Makina atatu, chithunzi chimodzimodzi. Kumbuyo ndalemba ndi pensulo 1, 2, 3.

Amafuna ndisankhe pompo, pansi pa mababu awo oyera aja. Ndakana. Mtundu sasankhira pa babu, ndiponso sasankha usanaume. Ndabwera nazo kunyumba mu envulopu.

Lamulungu, 10 Ogasiti

M'mawa, panja, dzuwa lisanakwere. Nthawi yomwe ndimaonera penti.

1, ya katiriji, yotchipa: nkhope yapita kobiriwira, ngati munthu wodwala.
2, ya thanki, inki zinayi: ndi iwowo.
3, ya thanki, inki zisanu ndi imodzi: ndi iwowonso, tsitsi likuchita kuoneka limodzilimodzi. Mtengo wake usanene.

Sindinathamange. Zonse ndaziika pawindo la kuchipinda pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, theka la chilichonse ndaphimba ndi katoni. Ndimatero ndi penti ya panja ndisanauze mwini nyumba kuti agule zidebe khumi. Sabata imodzi tiona yosuluka.

Mayi a Katimba anaziona akuyala bedi. "Bambo a Katimba, mwandiyanika ngati matewera." Aseka koyamba chibwerere kalata ija.

Katimba chimfine pang'ono. Thupi silikutentha. Ndamugwira pachipumi kanayi.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Poweruka ndinadzera kwa mkulu wokonza makina kuseri kwa sitolo ya penti. Wogulitsa amanena zabwino zokha, wokonza ndiye amadziwa maliro. M'kashopu mwake mapulinta akufa mulu mpaka kudenga. Akuti ambiri sanafe ndi ntchito, anafa ndi kukhala. Inki imauma m'timabowo, timatseka. Ndamva msanga. Burashi ukaisiya ndi penti Lachisanu, Lolemba ndi mtengo. Ndiye sabata isamadutse osasindikiza kanthu. Kwa ine si vuto.

Akutinso ya katiriji imakukopa pogula, kenako imakudya mwezi ndi mwezi. Zithunzi makumi atatu, inki yatha.

Ndinafunsa ngati inki ikamachepa ndingathiremo timadzi, monga timachitira ndi penti ya madzi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukatero, achimwene, mudzabwera nayo kuno mutasenza pamutu." Chabwino. Kufunsa si uchitsiru. Ndalemba pachikuto cha kope lino: MADZI AYI.

Ya thanki ndi malipiro a masabata atatu. Jombo zanga zatha kunsi. Zidikira. Sutikesi ya mayi a Katimba zipi yaduka, imeneyo sidikira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndachotsa makatoni. 1 yasuluka, mzere ukuoneka pakati pa nkhope ngati mpanda. 2 ndi 3 zagwira, kusiyana palibe. Inki ziwiri zowonjezerazo ndi za anthu ojambula maukwati. Ine ndikufuna mwana adziwe mayi ake, osati awerenge tsitsi.

Ndagula 2. Wa tayi ndinamuonetsa mapepala anga a padzuwa, anawatembenuza, anapempha kuti ndimusiyire. Akuti zaka zonsezi palibe kasitomala anachitapo zotere. Ndamusiyira 1 yokha, aziona katundu wake.

Katoni pamiyendo m'basi, sindinalole aiike kumbuyo. Kunyumba ndaiika pamwamba pa kabati, pomwe Katimba safika ngakhale akwere mpando. Ndayeza ndi levulo, yakhala mowongoka. Inki ndathira ndekha, yakuda, yabuluu, yachikasu, yapinki. Osadontha ngakhale dontho. Zolumikiza ndi foni ndiye zinandikanika, ndinaitana alamu. Maola awiri akutukwana timabatani. Itayamba kulira ndi kutulutsa pepala akuti ndiwasindikizireko cha mwana wawo. Za maburashi sanazitchulenso.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Chithunzi cha pakhoma asankha okha mayi a Katimba. Cha pa ukwati wa mnzawo chaka chatha. Wigi yaitali, milomo yofiira, nsidze zojambula, ndolo mpaka m'mapewa. M'foni muli batani losalalitsa nkhope, anadina kawiri. Ine ndinati chaoneka chowala kuposa iwowo. Anati, "Azindikumbukira chonchi, osati ndi kampango ka kukhitchini." Munthu akuchoka pakhomo pake miyezi isanu ndi umodzi, ndikangane naye za batani? Ndasindikiza chachikulu, pepala lonyezimira. Chatuluka bwino zedi, ngati cha pa kalendala.

Ndamuimiritsa Katimba kukhoma, ndalemba kamzere pomwe pali maso ake. Chithunzi ndamata pomwepo, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, njira yake ya tsiku lonse. Ntchito yaukhondo. Apongozi ayang'ana, akuti tiona. Tionadi.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Apita. Basi ya 6 koloko m'mawa. Mwana tinamusiya akugona, anatero okha, akuti akadzuka sakwera. Pa siteji sanalire. Anangondikonza kolala, kawiri.

Nyumba kukula. Sopo wawo waiwalika m'bafa.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Masiku atatu oyamba kulira, kufufuza kuseri kwa zitseko. Kenako wasiya. Apongozi akuti wazolowera. Kusiyako ndiye kukundiopsa ine.

Chithunzi amangochidutsa ngati khoma wamba. Lero poweruka ndinagwada naye pompo, ndinaloza, ndinati uyu ndani. Anayang'ana bwinobwino. Akuti, "Anti."

Ndinafunsanso. Anti.

Apongozi anali pakhomo la kukhitchini ndi supuni m'manja. Anangobwerera ku mphika. Bola akanaseka.

Ndayang'ana makina. Ndasindikiza pepala loyesera, mizere yonse yatuluka, palibe bowo lotseka. Mitundu ili m'malo. Makina alibe mlandu. Ndiye mlandu ndi wa ndani?

Mayi ake anaimba madzulo. Akuti maphunziro ndi olimba, chipinda akugona anayi. Anafunsa ngati mwana amachiona chithunzi. Ndinati amachiona. Si bodza.

Lolemba, 1 Seputembala

Ndapaka khoma la eni ake mtundu wa kuchipinda pabalaza. Theka lonse. Chiyambire ntchito sizinandichitikirepo. Ndabwereza ndi penti yanga. Mutu sunali pamenepo.

Masabata makumi awiri ndi asanu atsala. Ngati sabata imodzi yokha wafika pa Anti.

Ayi. Njira ilipo. Khoma likakana penti sutaya burashi, umafufuza chomwe chili pansi.

Lachitatu, 3 Seputembala

Pa nkhomaliro, nditakhala pa chidebe, ndinayamba kufufuza m'foni zithunzi zonse kuyambira kale. Zambiri ndi za makoma a anthu. Za mayi a Katimba zonse ndi zokonzekera, ataima mowongoka, akumwetulira foni.

Kenako ndinapeza zina khumi ndi ziwiri zotsatizana, zopendama, zina denga lokha, zina chala. Anajambula Katimba mwiniwake tsiku lina atalanda foni. Chimodzi mwa izo muli mayi ake. Awerama kuti amulande. Chibwano chachikulu, mphuno ziwiri ngati mapanga, kampango kaja, thukuta pamphumi, kukamwa kotsegula, ndithu akunena kuti bweretsa. Kumbuyo babu ndi denga.

Ndinakhala nacho nthawi. Ine mkazi wanga ndimamuona kuchokera pamwamba, ndine wamtali. Wa situdiyo amamuona maso ndi maso. Katimba amamuona kuchokera pansi, moyo wake wonse. Ndinayeza kutalika kwa khoma, osayeza komwe mwana amayang'anira.

Ndisindikiza mawa kukawala. Batani lililonse osakhudza.

Lachinayi, 4 Seputembala

Ndinapempha kuyamba mochedwa. Ndasindikiza chaching'ono, chokwana m'manja mwake. Khungu latuluka lenileni, kufiira kuja kulipo, ngakhale kachipsera ka pansi pa chibwano komwe ine ndinali nditaiwala.

Sindinafunse kuti uyu ndani. Ndinangomupatsa ali pamkeka ndi kapu yake. Anachigwira chozondoka. Anachitembenuza yekha. Anachiyang'anitsitsa. Kenako anakweza manja onse awiri m'mwamba, chithunzi chili m'dzanja, monga amachitira akafuna kunyamulidwa.

"Amama."

Apongozi anatuluka panja, akuti akukaona zovala pachingwe. Pachingwe panalibe zovala.

Kenako anachiika kukamwa. Dzuwa ndinayesa, malovu sindinayese. Inki yasungunuka pachibwano cha mayi ake, mwana milomo buluu. Ine kuthamanga ndi kansalu, kufuna kunyamuka wa kuchipatala. Apongozi anamupukuta, anamumwetsa madzi, akuti khalani pansi bambo, ana adya zoposa apa. Ndawerengabe pa botolo, ndaimbiranso wokonza uja. Akuti kadontho sikapha, koma ndizikutira ndi pulasitiki. Ndigula Loweruka. Kuntchito sindinapitenso. Ndamuyang'ana m'kamwa kasanu. Ali bwino, wadya.

Ndinasindikiza china chatsopano kuti ndisinthe chonyowacho. Wakana. Wachikankha. Akufuna chake chomwecho chopanda chibwano, wagona nacho tulo ta masana chili m'khwapa.

Cha ukwati chikhale pakhoma, sichilakwa, alendo aziona. Koma zotumiza kuyambira pano azijambula foni ili m'munsi, pa mawondo, kampango kali kumutu. Ndiwauza bwanji munthu amene anadina batani kawiri kuti mwana wasankha cha mphuno? Ndipo kuti amvetse, ndiyenera kuyamba ndi za Anti zija ndinabisa.

Foni ikulira. Ndi iwowo. Katimba wadzuka, akubwera nacho m'manja, ndiye mwina ndingompatsa anene yekha