Amma Akufuna Bulati

Loweruka, 7 Juni

Adokotala abwera m'mawa. Akuti Amma, mayi anga, sapita patali, tingowasunga bwino pakhomo pano. Chipinda chawo chikununkha mkodzo ndi mafuta a kokonati. Ndatsegula mawindo onse, koma ayi ndithu. Ndawasambitsa nditamanga kansalu kumphuno.

Ayambanso za bulati wawo, tsamba lotafuna lija. Chichokereni kuchipatala sanatafune, ndiye pakamwa pangokhala "Piyaseeli, bulati." Tsamba, mtedza wake, njereza pang'ono, kuwasinjira m'kamtondo poti mano anatha, kenako malovu ofiira ngati pophera mbuzi. Ndakula ndikutsuka chitini chawo cholavulira, ndipo mpaka lero ndikangochiganiza nseru imandigwira.

Ndakana. Munthu amabadwanso molingana ndi ganizo lake lomaliza, izi m'chipembedzo chathu ngakhale mwana amadziwa. Akafa mtima uli pa tsamba adzabwera ali mzukwa wanjala, chimimba uko, khosi ngati singano, kumazungulira kuseri kwa khitchini kuno. Mayi anga ine ayi. Kamtondo ndakabisa pamwamba pa kabati.

Lamulungu, 8 Juni

Aiya Wimalasiri, mchimwene wanga wamkulu, afika kuchokera ku Colombo ndi alamu anga a Kusumalatha (a K.). Abwera ndi kawayilesi koimba mapemphero a amonke, akaika pamutu pa bedi, mawu mpaka kumsewu. Odutsa adziwe kuti muno muli ana opembedza.

A K. m'chipinda sanalowe. Aima pakhomo, kampango kothira mafuta onunkhira kali pakamwa, n'kumakuwa ngati akuitana nkhuku: "Amma, kumbukirani mkanjo munapereka kwa amonke uja! Kumbukirani nyale munayatsa kukachisi!"

Amma: "Ndani akugulitsa nsomba pakhomopo?"

Ndinafuna kuseka. Kenaka a K. awajambula pa foni, chapatali pomwepo, kutumizira azibale awo. Zonyansa.

Pa chakudya tagwirizana tonse atatu: bulati asapatsidwe, zivute zitani. Aiya amavomera mpunga uli m'kamwa, msuzi wa nsomba zouma ukuyenderera mpaka m'chigongono. Ndasiya mbale yanga theka.

Lolemba, 9 Juni

Bulati, bulati, bulati, kuyambira m'mawa. Phala akana. Akuti akadya akatafuna kaye.

Lachiwiri, 10 Juni

Poya, tsiku lathu lopembedza la mwezi wathunthu. Ndavala zoyera zanga, ndapita kukachisi monga mwa nthawi zonse. Amma ndawasiyira a K., awone nawonso.

M'holo amayi tho. Tangoti titseke maso tiyang'ane mpweya, mayi Ranmenika ayamba mkonono. Kumbuyo kwanga awiri akunong'onezana za mtengo wa anyezi. Wina wabwera ndi mtsamiro wa maluwamaluwa, wina akukanda phazi long'aluka. Anthu amabwera kudzatani kuno? Ine ndinakhala msana uli woongoka, osagwedezeka mpaka belu. Potuluka mayi Ranmenika akuti, "Inu a Piyaseeli mtima wanu ndi madzi a m'chitsime, ife tingoyesa." Ndinangomwetulira. Kunena zoona zinandikomera.

Masana amonke aakulu anatitsogolera kulingalira za thupi: tsitsi, zikhadabo, mano, khungu, malovu, mafinya, kuti tione kuti palibe chokakamira apa. Phunziro limeneli ine silindivuta. Ena amachita kuvutika kuti thupi liwanyanse.

Titamaliza ndinawagwadira amonkewo n'kuwafotokozera za Amma. Ndimayembekezera kuti andiyamikira. Iwo akupitiriza kuuzira tiyi wawo, kenaka akuti, "Mtima wa amayi anu mwaufotokoza bwino. Nanga inu mukakhala pambali pawo, mumtima mwanu mumapezamo chiyani?"

Ndinati chifundo.

"Ehe. Mukayang'anenso." Basi, abwerera ku tiyi. M'makutu mwawo muli tsitsi lotuwa lochita kutulukira kunja. Zaka zonsezi ndikuwapatsa chakudya, yankho lake n'limenelo.

Kunyumba ndapeza Amma ali m'zonyowa chiyambire m'mawa. A K. akuti amaopa kuwadzutsa.

Lachitatu, 11 Juni

Za lerozi ndilembe.

Nditawasintha nsalu ndinakhala pampando, ndikuwauza mofatsa, "Amma, musiyeni bulati. Yang'anani mpweya wanu, ukulowa, ukutuluka. Yang'anani mumtima."

Anatsegula diso limodzi. "Chotsa kaye kansalu kali kumphunoko, ndimve zimene ukunena."

Ndinachotsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yomweyi. Nkhope ngati waponda za galu. Unayamba uli kamwana, ukatenga chitini changa chija. Iwe, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukundiuza za ganizo lomaliza? Ine chomaliza kuona padziko pano ikhala mphuno yako yokwinyayo. Ndiye ndikabadwa chiyani, tandiuza, poti ndiwe wophunzira?"

Ndinati Amma mukudwala, simukudziwa zimene mukunena. Iwo akuti, "Ndikudwala miyendo, maso ali bwino."

Ndinatuluka, ndinakaima kuchitsime. Amene ndimawapukuta ndine. Osati Aiya, osati a K. ndi kampango kawo. Ine. Ndipo nyererezo ndi ine! Ndasamba m'manja mpaka sopo wathera m'zala.

Lachinayi, 12 Juni

Lero sanapemphe bulati ngakhale kamodzi. Atembenukira kukhoma. Phala ayi, madzi ndi supuni ayi.

A K. asangalala, aimbira foni dziko lonse: "Asiya, mtima wayera, mapemphero aja agwira ntchito." Aiya awonjezera mawu a kawayilesi.

Iwo amaonera pakhomo. Ine ndimawatembenuza, ndiye ndaona. Chibakera chafumbatidwa gwa pansi pa nsalu. Nsagwada zikuyenda, akutafuna mphepo. Ndikawagwira phewa akuumitsa thupi. Uwu si mtendere, Amma akwiya, ndipo akwiyira ine. Akapita lero apita ndi mkwiyo, umene ndi woipa kuposa njala ya tsamba. Ndawabweretsera ndine.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakhala pamkeka m'chipinda changa, ndinati chabwino, ndiyang'anenso monga ananenera amonke aja. Mpweya ukulowa, ukutuluka. Ndinadikira madzi a m'chitsime aja. Kunabwera fungo la chipinda cha Amma. Kunabwera chigongono cha Aiya. Kampango ka a K. Mkonono wa mayi Ranmenika. Makutu a amonke. Chilichonse chikabwera, mphuno yanga imakwinyika yokha, ndinachita kuimva ikukoka khungu. Ndinafufuza chifundo chija ndinanena kukachisi. Mwina chilipo, koma chili pansi kwambiri, pamwamba ponse ndi nseru yokhayokha.

Zaka zonsezi ndimati ndikusinkhasinkha, chikhalirecho ndimangotseka maso kuti ndisaone anthu. Ndadzinyansa ndekha, ndiye onani, nseru inanso pamwamba pa inzake. Ndinaseka pang'ono, kenaka ndinalira.

Lachisanu, 13 Juni

M'mawa ndapita kwa aneba kukapempha masamba awiri pa mpesa wawo. Mtedza ndi njereza zinalipo m'kabokosi ka Amma. Ndakwera pampando, ndatsitsa kamtondo.

Aiya atamva kusinja anathamangira kukhitchini, sopo wometera ali kutsaya. "Nangi, mlongo wanga, wapenga? Tinagwirizana chiyani? Ukufuna mayi athu akhale mzukwa?"

Ndinati, "Aiya, mukafuna kundiletsa lowani muwasinthe nsalu, ndikuonetsani pamene pali madzi." Anabwerera kukameta.

Ndinalowa opanda kansalu kumphuno. Fungo lilipo, nseru inabwera, ndinaimva ikukwera, ndinaisiya ikhale pomwepo. Ndinazimitsa kawayilesi. Ndinakhala pabedi penipeni, osati pampando.

"Amma, bulati."

Sanatembenuke msanga. Kenaka mphuno yawo inayamba kununkhiza. Ndinawadzutsa, mutu wawo pachifuwa panga, wopepuka ngati chikho chouma cha kokonati. Ndinawaika pakamwa ndi zala zanga. Nkhama zawo zinandigwira chala, zofunda.

Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali chitsekere. Chibakera chija chinamasuka. Malovu atadzaza anayamba kufunafuna chitini ndi maso, ine ndinali nditachiiwala kuseri. Ndinatchera dzanja. Analavulira m'menemo, zina zinadontha pa nsalu yanga yoyera.

Anandiyang'ana kumaso, kufufuza. Sindikudziwa chimene anapeza.

"Wachulutsa njereza," anatero. Patapita kanthawi: "Sakukomanso. Chotsa, ndakhuta."

Ndinawapukuta pakamwa ndi chala. A K. anali pakhomo, kampango m'manja, kuyang'ana nsalu yanga.

Amma anagona chagada, anandigwira dzanja lomwe lija, lisanasambe. "Tsopano nena zako zija. Ukulowa, ukutani?"

"Ukutuluka, Amma."

"Pang'onopang'ono, usandithamangitse."

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, bukuli lili pabondo. Linalo sanalisiye, ndipo zofiira zija zaumira m'chikhatho.