Agogo Akhala Pati M'galimoto?

Oshawa, Canada
19 Meyi 2025

Okondedwa Amayi,

Moni Amayi, ndagwada kuno kutali. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kamwendo? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi, kapena mukungolimba mtima monga mwa chizolowezi chanu? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Kuzizira kwatha, mitengo yaphukira, ndipo ana ayambanso kusewera panja.

Kalatayi ndapatsira Mayi Tembo, a ku Zambia aja timapemphera nawo, poti akupita kwawo ku Chipata ndipo adzera pakhomo panu. Ndalemba dala, chifukwa pafoni mumangoti tiona, tiona, kenaka netiweki n'kuduka. Iwe Kettie, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera. Uwerenge zonse, usadumphe, ndipo usathiremo mchere wako.

Amayi, Kettie wandiuza kuti mwayamba kubwerera m'mbuyo pa za ulendo wanu wa Julaye. Akuti mukuti simungagone denga limodzi ndi mkamwini wanu, kudya naye patebulo limodzi, kapena kupanikizana naye m'galimoto. Nditamva ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinapita kuntchito nditatupa, moti agogo ena amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Viza taidikira miyezi isanu ndi iwiri, tsopano yatuluka, ndiye ulendo ufe chifukwa cha mpando? Koma mtima utatsika ndinaona kuti simukulakwa, ndi mmene munatilerera. Mverani kaye mmene zinayambira, mudzaweruza nokha.

Kumpoto kwa Toronto kuli malo aakulu a masewera, ife timangoti kupaki. Musaganize za akatungwe a pasukulu ayi. Ndi dera lalikulu kuposa msika wa Kamwendo kuphatikiza bwalo la mpira. Kuli timasitima tokwera m'mwamba kuposa nsanja ya foni, n'kutsika chamutu anthu akukuwa ngati nyumba yapsa. Akatsika amakaimanso pamzere kuti akwerenso. Ine mpaka lero sindimvetsa. Koma kulinso zofatsa, maluwa, nyimbo, madzi otumphuka m'mwamba, zoti munthu wamkulu n'kuonerera ali chikhalire.

Mdzukulu wanu Vanessa atangomva kuti mukubwera, anati tsiku la kupaki alikonza yekha. Mwana amene munamusambitsa ali wakhanda uja tsopano ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo wandiposa msinkhu. Kutsuka mbale mpaka ndimukalipire katatu, koma izi palibe anamutuma. Chiyambire Malichi wakhala ali ndi kope lake, akulemba nthawi yonyamuka, chakudya choti titenge, ndi masewera amene sangakugwedezeni bondo. Anamuyeza ngakhale mng'ono wake Olivia pakhoma, poti kumeneko mwana wamfupi pali zina samukweza.

Atamaliza anapulinta pulani yake n'kuimata pafiriji. Amayi inu, tsamba loyamba lenilenilo! Anajambula galimoto, inu n'kukuikani kutsogolo, pambali pa bambo ake. Kuno mpando wakutsogolo ndi wa mlendo wolemekezeka, ndipo iye amafuna muzione bwino nyumba zitalizitali za m'tauni. Pa nkhomaliro anakuikani moyang'anizana ndi bambo akewo. Ndiye pali chozungulira china cha timahatchi tamatabwa chomwe chili ndi benchi la anthu awiri. Pamenepo analemba kuti agogo akhale ndi adadi, kuti agogo akachita mantha adadi awagwire dzanja.

Bambo a Vanessa atawerenga anatsamwa ndi tiyi. Anangoti mayo ine, n'kutuluka panja kukayang'ana matayala a galimoto omwe analibe vuto lililonse. Ine ndinaseka mpaka misozi. Chomwe sindinadziwe n'chakuti mwanayo anali atajambula kale pulaniyo n'kuitumiza pafoni ya Kettie, ndi chimwemwe chonse, kuti akuonetseni. Ndipo iwe Kettie, m'malo mondiimbira kaye, unathamanga nayo kwa Amayi n'kuwamasulira mzere ndi mzere. Ukamakula uzikhalako ndi nzeru, mng'ono wanga.

Vanessa anamva ndikukangana ndi Kettie pafoni, ndipo ngakhale Chichewa chake n'choduladula, anatolapo kuti agogo mwina sabwera. Anandifunsa, theka m'Chizungu theka m'Chichewa, ngati inu ndi bambo ake munayambana. Ndinamuuza kuti simunayambanepo n'kamodzi komwe, ndipo palibe anthu olemekezana kuposa inu awiri. Ndinamusimbira mmene bambo ake ankachitira tili kumudzi, kuti akakuonani panjira ankapatukira m'chimanga n'kunjuta atayang'ana kumbali, moni n'kumadzera mwa Kettie.

Mwana analira, Amayi. Anati ndamusiya akuvutika miyezi iwiri osamuuza chinthu chachikulu chotere, ndipo tsopano agogo akana kubwera chifukwa cha pepala lake. Ankanena zoona. Ndinamuphunzitsa kulandira ndi manja awiri ndi kugwada popereka madzi, koma za apongozi sindinamuuzepo. Kuno analibe pozionera. Wolakwa ndine, si mwanayo.

Ndinkayesa kuti kope lija alitaya. Ayi ndithu. Patapita masiku awiri anakhazika bambo ake pansi n'kuyamba kuwafunsa ngati wapolisi: angayandikire agogo mpaka pati, angalankhule nawo kapena ayi, nanga akakumana pakhomo apatuke ndani. Bambo ake thukuta kamukamu, koma anayankha zonse. Mwanayo sanakhutire, anakafunsanso Mayi Tembo titaweruka kutchalitchi kuti amve ngati ku Chipata amachitanso chimodzimodzi. Sanaseke mwambo wathu ngakhale pang'ono, sananene kuti n'zachikale. Anangoti ngati ndi mmene agogo amamvera bwino, pulani ndiyo isinthe.

Pulani yatsopano ili motere. Inu, ine ndi iye tidzakwera sitima kuchokera kuno ku Oshawa mpaka m'tauni, kenaka ina yoyenda pansi pa nthaka, kenaka basi yokatitula pageti. Bambo ake ndi Olivia adzayenda pagalimoto ndi chakudya. Ulendo wa sitima ndi wautaliko, koma mudzakhala chokhala, ndipo mudzaona zambiri pawindo.

Loweruka lapitali, paki itangotsegulidwa, anandikoka kuti tikayese njira yonse. Mukanamuona! Kope m'manja, akulemba pomwe pali chikepe kuti musakwere masitepe, pomwe pali mabenchi a pamthunzi, pomwe pali zimbudzi. Anapita yekha kukafunsa wantchito wina za njinga ya olumala yobwereka. Ndinamuuza kuti agogo ako sangaikwere, angalole kukwawa. Anati alemba basi, mwina bondo lidzakunyengererani. Kunja kwa geti anapeza malo odyera a matebulo awiri, pakati pake pali mtengo, ndipo analemba kuti la kumthunzi ndi la amayi okhaokha. Ine ndinkangomutsata pambuyo ngati mlendo, mtima utadzaza. Ndinabereka munthu, Amayi, ndikunyada.

Za kunyumba musadere nkhawa. Nyumba za kuno zimakhala ndi zipinda pansi, timati besimenti, ndipo yathu ili ndi khomo lake lotulukira panja ndi bafa lake. Mkamwini wanu watsitsira kale bedi kumeneko kuti iye azigona komweko inu mukabwera, palibe anamuuza. Wagula ndi kaketulo kake. Ndinamuseka kuti wafulumira, Julaye akadali kutali, iye anati akuyeserera. Akuti mlendo ndi mame, masabata asanu ndi limodzi si kanthu kwa munthu amene anagalauza dimba lanu lonse chaka chija. Akutinso ngati besimenti ikuchepa ulemu, apita kukakhala kwa mnzake Victor ku Markham mpaka mudzabwerere, koma apongozi ake asalephere kuona zidzukulu chifukwa cha iye. Mwamunayu tikayambana ndimamunena zambiri, koma apa ndamuvulira chipewa.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinamuvuta Vanessa. Pageti la paki mabanja amajambulitsa, ndipo iye akufuna chithunzi chimodzi cha tonse, osati ziwiri. Anakhala nacho masiku, akufufuta n'kulembanso. Dzulo anabwera kukhitchini n'kundiuza kuti wapeza njira. Inu mudzaima kumapeto uku ndi ine, bambo ake kumapeto uko ndi Olivia, ndipo nonse mudzayang'ana kutsogolo kwa wojambula, palibe adzayang'ane mnzake. Ndinamufunsa kuti nanga mpata wa pakatiwo. Anati pamenepo adzaima iyeyo, chifukwa ndi wanu komanso ndi wawo. Ndinatembenukira kusinki kuti asandione nkhope.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani. Olivia sanakukhudzenipo chibadwire, amangokudziwani pagalasi la foni, ndipo Vanessa akudziimbabe mlandu. Ngati pali china pa pulaniyi chomwe sichikukhala bwino, nenani, asintha. Koma yankho musandipatse ine. Kettie akujambuleni mawu pafoni mwezi uno usanathe, mulankhule ndi mdzukulu wanuyo mwachindunji, pang'onopang'ono kuti amve yekha popanda ine kumasulira.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene a Fredrick ndi alamu anga pamodzi ndi ana, ndi kwa amayi onse a chigwirizano. Iwe Kettie, ndakukalipira koma ndimakukonda, uwasamale Amayi. Mkamwini wanu akuti ndikuperekereni moni wake ali chapatali, monga mwa nthawi zonse.

Pulani yatsopano ili pafiriji, zonse zalembedwa kupatula pamwamba pomwe payenera kukhala tsiku. Vanessa wakana kulembapo. Akuti alemba akamva mawu anu.

Ndine mwana wanu wokukumbukirani,
Mathilda