Mzere wa 14

Lolemba, 8 Juni 2020

Tsiku la 75 chiimitsireni ndege. Ndinabwera kwa mwana wanga Norah kunja kuno kudzakhala masabata atatu okha. Masitepe 112 kutsika, 112 kukwera. Sikelo ikuti ndaonjezera makilo 7. Ku mall akuti opitirira zaka 60 ayi.

Pansi polowera ndapeza mzungu wa m'chipinda 407 akuyeza khoma. A Nick, a ku America, zaka 68. Anabwera kudzajambula khoma la hotela, hotelayo inatseka, ndege nazo zii. Eni nyumba awalola kujambula khoma lathuli. Akuti moyo wawo wonse akhala akujambula anthu ogwira ntchito. Bambo awo ankasungunula zitsulo, ndipo chojambula chawo choyamba chinali manja a bambowo. Akuti anajambulapo makoma 31. Ndawauza awatchule. Akumbukira 28.

Lachiwiri, 9 Juni

Akufuna ndikhale nawo pakhomapo, pamodzi ndi alonda awiri ndi Matildah wa ku Chipata, amene amakolopa muno ndipo amasakaniza mawu a dziko lino polankhula. Ndavala duku labwino. Mphindi 47 osagwedezeka, iwo ali patali mamita awiri, khala likuyenda papepala.

Ndaona pepalalo. Zibwano ziwiri. Makwinya 16 (pagalasi ndapeza 13). Ngakhale ulusi womangira magalasi anga ulipo.

Ndati, "A Nick, simungachepetseko pang'ono m'mbalimu?" Akuti iwo sachotsa, saonjezera, amajambula chimene chilipo.

Matildah wasuzumira: "Mama, ni imwe ndendende! Khalas, basi!" Palibe anamufunsa.

Lachitatu, 10 Juni

Norah akuti khoma likatha atumiza chithunzi ku gulu la WhatsApp la amayi a Mvano ku Zomba. Anthu 63. Mmodzi wa iwo ndi Lennah, amene amavalabe siketi ya 1998 ndipo amauza aliyense kuti ndi ya 1998. Ndikunyamuka anandiuza kuti, "Mukadye mosamala, anzathu, mipando ya m'ndege njaing'ono."

Lero ndatsika ndi kukwera katatu. 672.

Lachinayi, 11 Juni

Njira yawo ndaikonda, ndisaname. Pepala aligawa timabokosi: mizere 24 yoimirira, 10 yopingasa, onse 240. Khoma nalonso chimodzimodzi, koma mabokosi aakulu, manambala olemba ndi choko pamwamba. Za m'kabokosi ka papepala amazisamutsira m'bokosi lake la pakhoma. Masamu a Folomu 1 enieni.

Matildah watenga mizere 5. Ine kuyambira 10 mpaka 18. Mizere 9. Ndawerenga kawiri.

Loweruka, 13 Juni

Sindinatsike. Mawondo.

Lamulungu, 14 Juni

Ndatsika, ndadzipeza ndili pakhoma, wamtali mamita awiri ndi theka. Koma chiuno! Chiuno chimene ndinasiyana nacho Norah asanabadwe. Matildah waimika chokolopera. "Iye, Mama, mwaonda liti? Ndipatseniko mankhwala, habibi, okondedwa anga."

A Nick akung'ung'udza kuti kumapeto kwa khoma kwatsala mzere umodzi wopanda kanthu. Akuimba mlandu tepi yoyezera. Akuti ajambulapo mphika wa maluwa.

Atapita kukasamba m'manja ndawerenga. Mabokosi alipo 24, bwinobwino. Koma choko chikuti 12, 13, 15. Analumpha 14. Ndipo mzere wa 14 papepala umadutsa pakati penipeni pa mimba yanga. Iwo osadziwa angolumikiza 13 ndi 15, maluwa a chitenje n'kukumana okha.

Ndakwera pa lifiti.

Lolemba, 15 Juni

Si ine ndinalumpha. Ndilembe zimenezo poyamba.

Norah waona pobwera ku ntchito. "Amayi, mwatchena! A Lennah akomoka." Watenga foni, ndamuletsa kuti penti sinathe.

Zifukwa zokhalira chete: 1. Lennah. 2. A Nick ndi okalamba, kubwereza n'kuwazunza. 3. Mphika wa maluwa sulakwira munthu. 4. Lennah.

Zifukwa zonenera: chimodzi chokha. Zaka 34 ndikuphunzitsa masamu, mwana akalumpha nambala ndinkamubweza ayambirenso, alire asalire.

Zinayi zimaposa chimodzi. Nanga bwanji tiyi sakumweka?

Lachiwiri, 16 Juni

Ndadutsa pakhomapo kanayi nditayang'ana kumbali. Kachisanu maso apita okha. 13, 15. Zikundiyabwa ngati tsitsi m'khosi.

Mayi uja pakhoma ndi wokongola ndithu. Kungoti sindimudziwa.

Lachitatu, 17 Juni

9:20 m'mawa. Ndawapeza a Nick pa makwerero, mphika ataujambula kale theka.

Ndati, "A Nick, werengani manambala anu mokweza."

Ayamba akuseka kuseri kwa masiki. Atafika pa 13 apeza yotsatira ndi 15. Atsika, ayang'ana pepala, ayang'ana khoma, ayang'ana ine, pamalo pomwepo. Anena mawu amodzi a Chingerezi amene sindilemba muno.

Akuti zonse kuyambira pa 14 kupita kumanja ziyenera kufufutidwa: theka la ine, Matildah yense, mlonda mmodzi. Masiku asanu. Kenaka andifunsa motsitsa mawu kuti, popeza ndinapempha kuchepetsedwa, kodi angozisiya? Akuti kakhala koyamba pa makoma 32, ndipo sauza munthu.

Matildah: "Mama, vomelani! Ine nikanakhala imwe nikanapempha alumphe na 15!"

Ndaganiza masekondi 11.

Ndati, "Ndibwezereni mzere wanga."

Andipatsa choko kuti manambala ndilembe ndine. Matildah wagwira makwerero uku akudandaula kuti akufufutidwa wosalakwa. Ndakwera masitepe anayi, ndafufuta 15 ndi chikhatho, ndalemba 14. Pansi panga a Nick aviika bulashi mu penti yoyera, ayambira pachiuno.